KODI NTHENDA IDZIWA MTUNDU WA MUNTHU?

M'cinenero cathu muli liu limodzi limene tilisenzetsa katundu wambiri koposa ng'ombe ya pa ngolo. Liulo ndi lakuti "mtundu." Mlendo akakufunsa kuti, "Ndiwe mtundu wanji?" uyankha msanga kuti ndiwe Myao, kapena Mnyanja, kapena Mlomwe. Agogo akati, "Ku mtundu kwathu kulibe wakuba," anena za makolo ao ndi mbumba yao. Buku la mbiri likanena za mtundu wa Azungu ndi mtundu wa anthu akuda, linena za khungu. Ngakhale mai wogula nsaru pa msika wa pa boma asankhanso mtundu. Pa msika liuli likasokonezeka palibe wofa. Koma likalowa m'cipatala, dotolo nati kwa wodwala, "Nthenda yanuyi nja ku mtundu," pamenepo pafunika kucenjera, pakuti kawirikawiri dotolo anena cina, wodwala namva cinanso, ndipo nthawi zina onse awiri alakwa.

Ndinayamba kulingalira za ici cifukwa ca msuweni wanga wamng'ono, mwana wa azakhali anga, amene akhala ku mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja kupitirira Malindi. Asanakwane caka cimodzi, manja ndi mapazi ace anayamba kutupa, ndipo anali kulira usiku wonse osatonthola. Atakula pang'ono maso ace anasanduka acikasu, magazi namthera kawirikawiri, kotero kuti anamuonjezera magazi ku cipatala katatu asanayambe sukulu. Mkuru wace anali atamwalira kale ndi zizindikiro zomwezo. Akucimuna anati, "Kwathu nthenda yotere kulibe, yacokera ku mtundu wa mkaziyu." Ena a m'mudzi analoza cala nkhalamba yina yosauka. Mwanayo anamtema mphini thupi lonse, mbuzi ziwiri nizipita kwa sing'anga, koma osacira ai.

Potsiriza magazi ace anapimidwa, napezeka ndi nthenda ya siko selo. Dotolo wacinyamata amene anapereka zotsatirazo anafotokoza mwacifundo ndithu, koma anasakaniza ndi Cingerezi, nati, "Mai, bvuto lili m'majini a mwanayu." Iye anali kunena za timbeu ta cibadwa, timene m'Cingerezi tili ndi dzina lomveka motero. Koma inu nonse mudziwa cimene liu lakuti majini litanthauza kuno ku Mangochi. Azakhali anabwerera ku mudzi nauza anthu kuti ngakhale a ku cipatala abvomera kuti mwana wagwidwa ndi ziwanda! Lero tiseka, koma panapita miyezi ingapo asanabwererenso ku cipatalako. Kaamba ka ici, m'nkhani yino liulo ndilisiya pambali. Ndizingoti timbeu ta cibadwa.

Tsono timbeuti nciani? Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tochedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. M'kati mwa maselo ambiri muli tizingwe 46. 23 ticokera kwa mai, ndi 23 kwa bambo. Pa tizingweto pali timbeu ta cibadwa pafupifupi 20,000, ndipo kalikonse kali ngati kalata yolangiza thupi kapangidwe ka cinthu cina. Kamodzi mwa ito kalangiza za hemogulobini, ndiye cinthu cofiira ca m'magazi cimene cinyamula mpweya kucokera ku mapapo kunka ku ziwalo zonse. Kambeu kameneka kakakhala kabwino, madotolo akacha A. Kakakhala kosinthika kaja, akacha S. Munthu aliyense alandira tiwiri, kamodzi kwa kholo lililonse. Wolandira A ndi A ali bwino. Wolandira A ndi S alinso bwino: apalasa bwato, alima, asewera mpira, ndipo akhoza kukalamba osadziwa kuti anyamula kanthu. Wodwala ndiye amene walandira S kwa mai ndi S kwa bambo.

Maselo ofiira a munthu wabwinobwino ngozungulira ndi ofewa, ndipo apyola m'timitsempha topapatiza popanda bvuto. Koma a munthu wa SS, mpweya ukawacepera, auma napindika ngati zenga lomwetera udzu, kapena ngati mwezi wongokhala kumene. Akatero akolana natseka mtsempha, monga namasupuni atseka madzi pa Shire. Ciwalo cimene magazi saficako cipweteka koopsa, makamaka mafupa, msana ndi cifuwa. Ndiponso maselo opindikawa sakhalitsa. Abwino akhala masiku ngati 120, koma awa afa patapita masiku 10 kufikira 20, ndipo ncifukwa cace magazi a wodwala atha msanga.

Ofuna kuona ndi maso ao m'mene nthendayi ilowera m'banja ayese ici. Tengani zipewa ziwiri, cina ca bambo, cina ca mai. M'cipewa ciriconse ikani nyemba ziwiri, yoyera ya A ndi yofiira ya S. Tsinzinani, mutole nyemba imodzi m'cipewa ciriconse. Ziwirizo ndiye mwana. Zibwezereni, mutolenso, kufikira maulendo 40. Mudzaona kuti pafupifupi kamodzi pa maulendo anai mutola zofiira zokhazokha, kamodzi zoyera zokhazokha, ndipo kawiri zosakaniza. Koma onetsetsani kuti nyemba sizikumbuka za ulendo wapita. Mwina zofiira zituruka kawiri motsatana, monga kunacitikira azakhali anga. Mwina banja libala ana asanu popanda wodwala ngakhale mmodzi, anthu nati kwao kulibe. Cinthu cimodzi cokha sicitheka: kutola zofiira ziwiri pamene cipewa ca bambo mulibe yofiira. Kwathu kuno mwana awerengedwa wa kwa amace, ndipo mwini mbumba ndiye malume. Mwambowo ngwabwino pa za minda ndi ufumu, koma magazi sadziwa za cikamwini. Mkazi amene anenezedwa yekha cifukwa ca mwana wa siko selo anenezedwa popanda mlandu.

Musaganize kuti izi nza anthu akutali. Pa kafukufuku amene anacitika m'Malawi monse mu 2015 ndi 2016, magazi a ana aang'ono anaonetsa kuti pafupifupi 9 mwa 100 alionse anyamula kambeu ka S. Ndiye kuti m'kalasi ya ophunzira 50 mukhoza kukhala anai kapena asanu onyamula, ndipo mwina wolemba nkhani yino ndi mmodzi wa iwo.

Pofika pano taona kulakwa kwa odwala ndi abale ao. Koma madotolo naonso analakwa pa liu lomweli la mtundu, ndipo kulakwa kwao kunakhala zaka zambiri cifukwa kunalembedwa m'mabuku. Nthendayi inafotokozedwa koyamba m'mabuku a madotolo mu 1910 ndi James Herrick wa ku Chicago, ataona magazi a mnyamata wakuda wocokera ku cisumbu ca Grenada. Popeza odwala amene anatsatira ku America anali akudanso, madotolo ambiri anakhulupirira kuti iyi ndi nthenda ya magazi a anthu akuda. Mzungu akapezeka nayo, ena anali kuyamba kufufuza ngati panali kholo lakuda lobisika m'mbiri ya banja lace, m'malo mokayika cimene anaphunzira.

Amene anathandiza kumasula mfundoyi ndi Anthony Allison, dotolo amene anakulira ku Kenya. Iye anayenda kum'mawa kwa Africa kupima magazi a anthu a mafuko osiyanasiyana, napeza cinthu codabwitsa. M'mbali mwa nyanja ya mcere ndi pafupi ndi nyanja ya Victoria, onyamula S anali ambiri, malo ena oposa 20 mwa 100. Koma ku mapiri ozizira a dziko lomwelo sanali kufika ngakhale mmodzi mwa 100. Onsewo anali anthu akuda. Cosiyana cinali udzudzu. Mu 1954 Allison analemba kuti mwana wa AS atetezedwa ku malungo oopsa: malungo amgwira ndithu, koma kawirikawiri samupha. Kotero m'maiko a malungo ana a AS anali kupulumuka koposa anzao, nakula, nabala ana, ndipo m'mibadwo yambirimbiri kambeuko kanacuruka. Kumene kunalibe malungo kanalibe phindu, ndipo sikanacuruke.

Umboni wina unacokera kunja kwa Africa. Mu 1952 kambeu ka S kanapezeka mwa anthu a ku mapiri a kumwera kwa India, ndipo lero dziko la India lili ndi odwala ambiri kotero kuti mu 2023 boma lao linayamba nchito yaikuru yopima anthu. Kapezekanso ku Greece, ku Sicily, ku Turkey ndi kum'mawa kwa Saudi Arabia, malo amene kale malungo anali kusautsa. Koma pakati pa Azulu ndi Axhosa a ku South Africa, kumene acimwene athu ambiri apita kukafuna nchito, nthendayi njosowa. Tsono ife a kuno ku nyanja, amene tigona ndi kulira kwa udzudzu kucokera ku Malombe kufikira ku Monkey Bay, tiyenera kumvetsa bwino: kambeuka ndi cipsera ca nkhondo ya makolo athu ndi malungo, si cizindikiro ca khungu. Ndionjezere kuti wa AS asataye neti yace ai, ndipo kwa wa SS malungo ngoopsa koposa kwa wina aliyense.

Mu 2003 anthu a sayansi anatsiriza nchito yowerenga malembo a cibadwa ca munthu. Cinadziwika ncakuti anthu awiri alionse pa dziko lapansi afanana pa malembo 999 mwa 1,000, ndiponso kuti kusiyana kwakukuru koposa kuli pakati pa anthu a mu Africa okhaokha, pakuti kuno ndiko munthu wakhalitsa. Anthu awiri akuda akhoza kusiyana cibadwa koposa Mzungu ndi munthu wa ku China. Nanga mafuko athu? Ayao anafika kuno kucokera ku Mozambique m'zaka za m'ma 1800, napeza Anyanja, kunabwera Angoni, amalonda a ku gombe la nyanja ya mcere, ndi Alomwe, onsewa anakwatirana. Ndani mwa ife angalumbire kuti agogo ace onse asanu ndi atatu a m'mbuyo anali a pfuko limodzi?

Mungayese kuti madotolo anasiya kale kuweruza ndi khungu, koma mverani za impso. Pofuna kudziwa ngati impso zigwira bwino nchito, dotolo apima m'magazi zotsalira zina zimene impso ziyenera kucotsa, nawerenga samu. Samu imene inakonzedwa ku America mu 1999 inali ndi lamulo lakuti wodwala akakhala wakuda, yankho lionjezedwe ndi magawo 18 pa 100. Ina ya mu 2009 inati 16 pa 100. Cotsatira cace, impso za munthu wakuda zinali kuoneka zamphamvu pa pepala koposa m'mene zinaliri m'thupi, ndipo ena anacedwa kulandira thandizo. Lamulolo linacotsedwa ku America mu 2021. Ndipo pamene anthu a ku Karonga, ku Uganda ndi ku South Africa anapimidwa mwa njira yeniyeni yoyezera impso, zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2022 zinaonetsa kuti masamuwo anali kale kukometsa impso zathu, ndipo kuonjezera kwa khungu kuja kunangokulitsa bodzalo. Kwa ife nkhaniyi si yaing'ono, cifukwa makina otsuka magazi a munthu wofa impso ngocepa kwambiri m'dziko muno, ndipo munthu wa ku Makanjira ayenera kunka kutali ku mizinda yaikuru monga Blantyre kuti awapeze. Cimene cingampulumutse ndico kudziwika msanga.

Sindifuna kunamizira madotolo kuti zonse zimene aphunzira za magulu a anthu nzacabe. Pa nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene tonse tiicha BP, kunacitika kuyesa mankhwala m'maiko 6 a mu Africa, limodzi la iwo Mozambique, ndipo zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti mankhwala osakaniza amene muli amlodipine atsitsa BP ya odwala akuda koposa ena amene anayesedwa nao. Nzeru yotere ithandiza dotolo kudziwa poyambira. Koma iri ngati msodzi woyang'ana mitambo m'mawa: mitambo imuuza za nyanja yonse, koma kuti adziwe za ukonde wace ayenera kuukoka. Dotolo wabwino apereka mankhwalawo, nauza wodwala kuti abwerenso mwezi wamawa kudzapimidwa, cifukwa munthu amene wakhala patsogolo pace akhoza kukhala wosiyana ndi gulu.

BP ndi shuga zisiyana ndi siko selo. Pa izi palibe kambeu kamodzi kolamula. Pali timbeu tambirimbiri, kalikonse kokankha pang'ono, ndipo mbali yaikuru icokera ku makhalidwe ndi ukalamba. Apa odwala athu agwa m'maenje awiri. Ena ati, "Awa ndi matenda a Azungu ndi anthu olemera a m'tauni, kwathu kulibe," ndipo sapita kukapimitsa. Komatu kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuru atatu alionse a zaka 25 kufikira 64 m'Malawi, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri ndithu sanali kudziwa. Enanso ati, "Amai anafa nayo, nja ku mtundu, mankhwala ngataninso?" nasiya kumwa, kufikira tsiku limene agwa nafa ziwalo. Koma taganizani: timbeu ta cibadwa sitisintha m'mibadwo iwiri. Cimene casintha ciyambire nthawi ya agogo athu ndi kadyedwe ndi kayendedwe: mcere wambiri m'ndiwo, zokazinga za m'mbali mwa mseu, zakumwa zotsekemera, fodya, ndi kukwera kabaza pa ulendo umene agogo anali kuyenda pansi. Munthu amene makolo ace anadwala BP ali ngati mwini nyumba ya pafupi ndi mtsinje. Sanasankhe malowo, koma ndiye woyenera kukumba ngalande mvula isanagwe.

M'maganizo anga, funso lothandiza m'cipatala si lakuti "Ndinu mtundu wanji?" koma lakuti, "Ndani m'banja mwanu anadwalapo nthenda yotere, kucikazi ndi kucimuna komwe?" Ambiri a ife tidziwa bwino za kwa amai, cifukwa ndiko takulira, koma za kwa abambo tingodziwa dzina la mudzi. Pa chuthi cikudzaci kungakhale bwino kufunsa akuru mwaulemu: kodi panali ana amene anafa ali aang'ono ndi kutha magazi? Kodi agogo uje anafa ziwalo ali ndi zaka zingati? Ndipo inu a Fomu 4 amene mulota za unamwino ndi udotolo, ndipo mwina mudzaphunzira pa nthambi ya sukulu ya madotolo imene iri pa boma pompano, mudzakumbukire kuti wodwala akati "inde" sindiye kuti wamva. Mfunseni abwereze m'mau ace, m'Cicewa kapena m'Ciyao, cimene akanene akafika kwao.

Siko selo sicira ndi mphini, ndipo njira zoicizira kotheratu zimene zapezeka kunja nzodula koposa. Koma wodwala akhoza kusamalidwa nakula. Mwana wamng'ono apatsidwa penisilini tsiku ndi tsiku kumteteza ku tizirombo toopsa, alandira katemera yense, amwa mankhwala oonjezera magazi ndi oteteza malungo, agona m'neti, amwa madzi ambiri, ndipo thupi likangotentha apita ku cipatala tsiku lomwelo. Palinso mankhwala ochedwa hydroxyurea, amene acititsa thupi kupanga hemogulobini ya mtundu umene mwana ali nao asanabadwe, imene siipinda maselo. Atayesedwa pa ana a ku Angola, ku Congo, ku Kenya ndi ku Uganda, zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti ululu, kuonjezera magazi ndi imfa zinacepa. Tsiku lokumbukira nthendayi pa dziko lonse ndi 19 June, ndipo kwa ife ligwa pa nthawi yace, pakuti ndiyo nyengo ya mwera, pamene kuzizira kudzutsa ululu wa odwala. Mnzanu wa siko selo akakana kusamba m'nyanja m'mawa wa June, musamseke kuti ngwamantha.

Za msuweni wanga zinatha motere. Namwino wina wacikulire anawakhazika pansi azakhali, nawafotokozera zonse m'Ciyao, napempha kuti bambo a mwana abwere naonso. Bambowo anakana kawiri, koma ulendo wacitatu anapita, ati kuti akatsutse bodza. Anapimidwa onse awiri, ndipo onse awiri anapezeka a AS. Azakhali ati pa ulendo wonse wobwerera bambowo sanalankhule kanthu, koma pofika pa msika anatsika nagula juzi ya mwana. Mnyamatayo tsopano ali mu Sitandade 4. Adwalabe nthawi zina, ndipo caka catha anagona m'cipatala kamodzi, koma masamu akhoza koposa m'mene ndinali kukhozera ine pa msinkhu wace.